Kwa Azakhali: Kamwala pachala, nyumba ilibe denga

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 29. Kwathu ndi kwa Nchema, m'boma la Chiradzulu, koma pano ndili ku Joni komwe ndimagwira maganyu openta nyumba. Kumudzi ndidasiya chibwenzi, mtsikana wa mudzi woyandikana ndi wathu, ndipo chaka chino n'chachinayi chiyambire. Amalume adakaonekera kale kwawo. Tidapangana kuti chinkhoswe chichitike mu Disembala ndikabwera.

Mwezi watha mnzanga amene ndimagona naye chipinda chimodzi adatengera chibwenzi chake kumalo odyera, adagwada anthu akuona n'kumuveka mphete yonyezimira. Kanema wake adazungulira pa Facebook mpaka adafika kumudzi. Wanga uja adanditumizira kanemayo pa WhatsApp, m'munsi n'kulemba kuti, "Anzathu ali ndi mwayi." Sadawonjezere kanthu. Kuchokera tsiku limenelo tulo sindikutiona.

Ndidalowa m'sitolo ina ya mphete m'tauni muno. Adandionetsa ya dayamondi weniweni, theka la karati, mtengo wake R24,000. Wogulitsayo adati mwamuna wodziwa chikondi amaika malipiro a miyezi iwiri kapena itatu pa mphete. Adatinso dayamondi sawola ndipo satsika mtengo, choncho kugula kwake n'chimodzimodzi kusunga ndalama kubanki. Ndikalephera kulipira pakamodzi, akuti ndikhoza kumapereka pang'onopang'ono. M'zaka ziwiri ndasunga R30,000. Ndimati ndigulire malata, simenti ndi zitseko, chifukwa nyumba yomwe ndidayamba kumanga kwawo kwa mkaziyo idaima pofolera.

Azakhali, sindifuna kuoneka wouma manja, komanso sindifuna mnzanga andipose. Ndigule?

Wosowa Tulo,
kwa Nchema, pano ku Joni

Mwana wa achimwene anga,

Kalata yako ndaiwerenga kawiri, kachiwiriko nditapukuta magalasi, poganiza kuti mwina ndi maso angawa. Iwe tsiku lonse uli pamakwerero kupaka utoto nyumba za eni ake, yako kumudzi ikumera bonongwe pabalaza, ndiye chokusowetsa tulo n'kamwala? Chinkhoswe mwachiika mu Disembala. Kodi Joni wakuiwalitsa momwe mvula ya Disembala imagwera ku Chiradzulu? Udzamuveka mphete mpongozi wangayo, anthu adzalulutira, kenaka nonse awiri mudzapita kukapempha pogona kukhitchini kwa apongozi ako, dayamondi akuwala pakati pa mapoto.

Tiyambe taona chimene ukufuna kugulacho, poti ndikudziwa kuti m'sitolomo adachiika pansi pa magetsi owala, pa kansalu kakuda, iwe maso n'kuchita chidima. Karati imodzi ndi magalamu 0.2. Theka lake ndi 0.1. Kukula kwake ndi mamilimita 5, kuposerapo pang'ono chabe. Ukabwera udzatape nandolo wouma m'thumba la amayi ako, udzasankhe njere imodzi n'kuiika pachikhatho. Kamwala ka R24,000 kaja sikaposa pamenepo. Zaka ziwiri zodya buledi ndi tiyi wopanda mkaka, zothawa apolisi ofunsa mapepala, zogona anayi chipinda chimodzi, zonse zikathere pa njere imeneyo.

Wogulitsa uja sindikumuda, ali pantchito ngati iwe. Koma za miyezi iwiri kapena itatuzo, ukadamufunsa kuti lamulolo adaika ndi mfumu iti. Nkhani yake idayambira komweko uliko. Dayamondi adamutola koyamba ku South Africa mu 1867, pafupi ndi mtsinje wa Orange, ndipo pofika 1871 anthu adali atakhamukira ku Kimberley kukakumba dzenje lalikulu lomwe lilipo mpaka lero. Mu 1888 Cecil Rhodes adameza migodi ya anzake n'kupanga kampani ya De Beers. Rhodes ameneyu si mlendo kwa ife. Kampani yake ina, British South Africa Company, ndiyo inkapereka mapaundi 10,000 pachaka kuti Harry Johnston ayendetsere boma la atsamunda ku Zomba kuyambira 1891, lomwe lija lidayamba kutidula msonkho wa nyumba. Ndiye usamati dayamondi sadatikhudzepo, adatikhudza kale agogo ako asadabadwe.

Vuto la De Beers lidali lakuti miyala idachuluka. Chinthu chikachuluka chimatchipa, ngati sukukhulupirira kafunse amayi ogulitsa tomato pa Mbulumbuzi mwezi umene aliyense wakolola. Choncho kampaniyo idagwira msika wonse m'manja, n'kumatulutsa miyala pang'onopang'ono kuti izioneka yosowa. Kwa zaka zambiri, pa miyala 10 iliyonse yotuluka m'migodi ya dziko lapansi, 8 kapena 9 inkadutsa m'manja mwawo. Komabe m'zaka za m'ma 1930 chuma chitagwa ku America, anthu adaleka kugula. Mu 1938 De Beers idalemba ntchito kampani yotsatsa malonda ya N.W. Ayer kuti iphunzitse anyamata a ku America kuti chikondi chimayezedwa ndi kamwala. Adaveka mphete akatswiri a mafilimu, adatumiza anthu kukalankhula m'sukulu za atsikana. Mu 1947 mayi wina wa pakampani yotsatsa malondayo, Frances Gerety, adalemba mawu otchuka aja akuti dayamondi ndi wamuyaya. Mayi ameneyu, mwana wanga, mpaka kumwalira sadakwatiwepo. Za malipirozo zidayamba ndi mwezi umodzi. Pofika m'ma 1980 zidakwera kukhala miyezi iwiri. Ku Japan, komwe mu 1967 akwati ovala dayamondi sankafika n'komwe 5 pa 100 alionse, adawauza kuti itatu, ndipo pofika 1981 akwati 60 pa 100 alionse adali nayo. Wogulitsa wako wakupatsa zonse ziwiri, ya ku America ndi ya ku Japan, kuti usankhe wekha chingwe chodzimangirira.

Ndipo iwe wa maganyu, malipiro ako a pamwezi ndi ati? Mwezi wa mvula umapenta masiku angati?

Tsopano za kubanki zija. Apa ndikupatsa ntchito, ndipo siilira ndalama. Mawa uvale malaya ako abwino aja, ubwerere m'sitolomo, umuuze mkuluyo kuti, "Bwana, ndikagula lero R24,000, sabata yamawa n'kubwera nayo ndi lisiti lake, mundipatsa zingati?" Udzamuyang'ane pakamwa. Adzayamba kukonza tayi, adzati iwo sagula zakale, kapena adzati akhoza kukusinthira ndi ina yodulirapo. Ukapita nayo kwa a pinyolo, adzayeza kagolide ka mpheteyo pasikelo, kamwalako n'kukuwerengera ndalama yoti ukaimva udzafuna pokhala. Kupeza theka la zomwe udalipira ndi mwayi. Mu mtengo wa m'sitolo muli lendi ya sitoloyo, magetsi aja adakuthobwa m'maso, malipiro a mlonda wa pakhomo, msonkho ndi phindu la anthu onse amene mwalawo udadutsa m'manja mwawo. Zonsezo zimatsala pakauntala iwe ukamatuluka.

Uko ndi ku Joni, komwe kuli anthu odziwa miyala. Nanga kwa Nchema? Tinene kuti mwana wadwala usiku, pakufunika galimoto yopita ku chipatala cha boma kapena ku Nguludi. Mbuzi umaigulitsa m'mawa womwewo. Njinga, foni, thumba la chimanga, wa katapila amalandira. Koma gogoda pakhomo pa munthu ndi kamwala kuti akubwereke K200,000, adzakufunsa ngati waswa botolo. Pa msika wa Namadzi palibe amene angasiyanitse dayamondi wako ndi mphete za pa lumbani za K2,000. Chuma chimene sungachisandutse ndalama tsiku la mavuto ndi chokongoletsera basi, ndipo uzichigula ukudziwa kuti n'chokongoletsera.

Zoti satsika mtengo ndiye bodza la masana. Masiku ano dayamondi akumuphika m'mafakitale, makamaka ku China ndi ku India. Si galasi ayi, ndi dayamondi ndithu, kuuma kwake ndi kuwala kwake chimodzimodzi, moti pamafunika makina apadera kuti munthu adziwe kuti uyu ndi wa mumgodi, uyu ndi wa m'fakitale. A De Beers eni akewo mu 2018 adatsegula kampani ya Lightbox n'kumagulitsa wa m'fakitale pa $800 karati imodzi. Mitengo idapitirira kugwa mpaka mu 2025 adalengeza kuti akuitseka. Wa mumgodi nayenso watsika m'zaka zaposachedwazi. Mu 2024 kampani ya Anglo American, yomwe idali ndi gawo lalikulu la De Beers, idanena kuti ikufuna kuigulitsa, ndipo chaka chomwecho chuma cha Botswana, dziko la migodi ya Jwaneng ndi Orapa, chidabwerera m'mbuyo chifukwa miyala siinkayenda malonda. Eni mgodi akufuna potulukira, iwe wa kwa Nchema ndiye ukuthamangira polowera, ndalama za malata zili m'manja.

Chimodzi chokha adanena zoona mkuluyo: dayamondi sawola. Pa miyala yonse ya m'nthaka palibe wouma kuposa iye. Koma kamwalako sikamera pachala. Kamagwiridwa ndi timano tinayi kapena tisanu n'kamodzi ta golide, tating'ono ngati nsonga ya singano, ndipo golide ndi wofewa. Taganizira dzanja la mpongozi wanga kuyambira m'mawa. Lagwira chitsulo cha mjigo, lanyamula ndowa, latikita zovala pamwala, lagwira khasu kukapalira, lasenda chinangwa, lakwecha mapoto ndi mchenga, madzulo lagwira mthiko. Kadzino kamodzi kakapindika, kamwala kagwa osamveka n'phokoso lomwe. Mudzasesa bwalo lonse, mudzapeta zinyalala palichero, mudzayamba kuyang'ana nkhuku iliyonse ndi diso loipa. Azungu amene adayambitsa zimenezi amalipira inshuwalansi ya mphete chaka ndi chaka. Iwe udzailipira kuti?

Mkazi wanzeru, poopa zimenezo, adzaivula. Adzaikulunga m'kansalu, n'kuiika pansi pa sutikesi, pansi pa zitenje za ku tchalitchi. M'minibasi yopita ku Limbe sangaivale, pokwerera basi paja zala zimayenda zambiri. Kumaliro sangaivale, anthu anganene. Ku banki m'khonde akaivala, anzake adzati uyu ngongole sakuifuna. Kwatsala Khirisimasi ndi tsiku lojambulitsa. Pamwamba pa izo, mudzi wonse udzakhala utamva kuti m'nyumba ija, ija yofolera ndi pulasitiki, muli chinthu cha mamiliyoni, mwamuna wake ali ku Joni. Ukufuna mwana wa eni ake azigona bwanji?

Koma zonsezi n'zapambali. Chimene chandikhalitsa pansi ndi mawu anayi aja: "Anzathu ali ndi mwayi." Iwe wawerenga kuti akufuna dayamondi. Walemba wekha kuti sadawonjezere kanthu, ndiye dayamondiyo wamuona pati? Amuna inu mumadabwitsa. Mkazi akati kunja kwazizira, mumathamangira kukafunsa mtengo wa jekete osamufunsa ngati akufuna mutseke chitseko.

Taonanso kanemayo ndi maso a mtsikana wokhala kumudzi. Akuona mwamuna amene alipo, thupi ndi mafupa, osati mawu a pafoni odukaduka. Akuona mwamuna amene wanena pagulu, dziko lonse likumva, kuti uyu ndi wanga. Iye zaka ziwiri akudikira. Kumjigo anzake amamufunsa mwachipongwe kuti, "A ku Joni aja akubwera liti?" Azakhali ake amamukumbutsa za uje amene adadikira zaka zisanu n'kudzamva kuti mwamuna ali ndi ana awiri ku Tembisa. M'midzi yathuyi nkhani za matchona sizidayambe lero. Kuyambira nthawi ya Wenela amayi akhala akuyang'ana kumsewu, ena mpaka imvi. Ndipo tsiku lililonse akatuluka m'nyumba ya amayi ake amaona zipupa zako zija zili yasa, njerwa zikuyamba ndere, mbuzi zikugona m'chipinda chomwe mudati chidzakhala chanu. Anthu odutsa amaloza. Ukuganiza kuti mwayi umene akusirirawo ndi wa magalamu 0.1?

Mwina ndi womwewo, sindikana. Atsikana a masiku ano foni ili m'manja, ndipo kusirira chinthu chokongola si tchimo. Pali china chimene amuna ambiri sachimvetsa, ndipo pano ndiima kumbali ya mpongozi wanga. Malata ndi a nonse. Poto, ndowa, mbaula, zimene mumati mwamugulira mkazi, ndi zida za ntchito, mumagulira mimba zanu. Mkazi amafunako kanthu kamodzi koti ndi kake yekha, kosaphikira, kosatungira madzi, kongonena kuti munthu wina adandiganizira. Ukabwera chimanjamanja n'kumuuza kuti mphete yako ndi malatawa, ine ndemwe ndidzakuthamangitsa ndi chikuni. Mphete ugule. Nkhani ndi yakuti iti, ya ndalama zingati.

Ndiye m'malo mofunsa wogulitsa, mnzako wa m'chipinda ndi azakhali a m'nyuzipepala, muimbire mwini chala. Osati mauthenga a tizithunzi ta mitima, muimbire ndithu, nthawi imene ali yekha. Umuuze zoona zake: ndili ndi R30,000, mphete ija ndi R24,000, malata, mitengo ya denga, misomali, simenti ndi zitseko zikufuna zakutizakuti, chinkhoswe chikufuna zakutizakuti, thiransipoti yanga yobwerera ndi iyi. Kenaka ukhale chete, iye alankhule. Amuna mumaopa kuuza akazi ndalama zimene muli nazo ngati kuti ndi mankhwala a usiku. Munthu ukufuna kugona naye nyumba imodzi moyo wonse, koma chikwama chako asachidziwe? Yankho lake lidzakuuza zambiri kuposa azakhali. Akadzati tifolere kaye, wapeza mkazi, gwira zolimba. Akadzati dayamondi kapena chibwenzi chithe, nyumba ikhale choncho, ndiye kuti R24,000 yakugulira nzeru usadaiwononge n'komwe, ukafotokozere amalume ako.

Pajatu walemba chinthu china chimene umayesa sindichiona: "sindifuna mnzanga andipose." Ehe! Mphete iyi ukugulira ndani kodi, mkazi kapena mnzako wa m'chipinda? Ngati ndi mnzakoyo, ndiye kagwadire iyeyo. Komanso lisiti la mphete yakeyo udaliona? Munthu wogawana nawe lendi ya chipinda chimodzi, wobwereka sopo wako, wapeza kuti ndalama ya dayamondi? Pali miyala ina yotchedwa moissanite ndi cubic zirconia, yowala mwina kuposa dayamondi amene, mtengo wake wa nsapato. Pa kanema wa pafoni zonse zimang'anima mofanana. Kapenanso adatengadi weniweni pangongole, ndipo miyezi ikubwerayi uzidzamva akutembenuka pamatiresi usiku wonse. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Za kulipira pang'onopang'ono usazitchulenso. Ntchito yako ndi ya lero ilipo mawa palibe, dziko ndi la eni. Ngongole ya m'sitolo ili ndi chiwongoladzanja, ndipo ena ukalephera kumaliza amakudula zina pa zomwe udapereka kale. Banja loyamba ndi ngongole ya chinthu chosabereka limayamba ndi mkangano wosungidwa kale, ukungodikira tsiku.

Tabwera kuno kwathu, tione chimene chimamanga banja. Kale mnyamata akafunsira mbeta, ankapereka chikole: mpango, mkanda, kandalama, chilichonse choti mtsikana akaonetse kwa agogo ake kuti pali munthu. Mphamvu ya chikole siidali pa mtengo wake. Idali pakuti akuluakulu achiona, adziwa mwini wake, ndipo mawa sangakane. Tsiku la chinkhoswe udzaona wekha. Adzakubweretsera atsikana atafundidwa zitenje kumutu mpaka kumapazi kuti uloze wako, ndalama zikuponyedwa kuti avundukule. A kwanu adzapereka tambala, a kuchikazi adzapereka thadzi, ankhoswe adzagawana nkhuku n'kudya pamaso pa anthu. Iwe adzakupatsa khasu, nkhwangwa ndi chikwanje. Mkazi adzalandira lichero, mthiko ndi tsache. Palibe nkhoswe amene adzatulutse galasi loyezera miyala. Usiku umene mudzakangane koyamba, ndipo mudzakangana, amene adzadzuke kubwera kudzakukhazikani pansi ndi anthu adadya nkhuku aja. Ngakhale lamulo la maukwati la dziko lino la 2015 limavomereza ukwati wa pachikhalidwe, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, ndi wa kwa DC, koma dayamondi silimutchula paliponse.

Azungu omwewo adafufuza. Mu 2014 akatswiri awiri a zachuma a pa yunivesite ya Emory ku America adafunsa anthu oposa 3,000 amene adalowapo m'banja. Adapeza kuti kuwononga ndalama zambiri pa mphete ndi pa phwando sikunkatalikitsa banja, ndipo nthawi zambiri mabanja oterowo ndiwo ankatha msanga. Mabanja amene ankakhalitsa adali a anthu omwe paukwati wawo padabwera khamu la abale ndi anansi. Agogo ako akadamva akadaseka kuti mpaka yunivesite kufufuza zimene aliyense kwa Nchema amadziwa.

Ndikudziwanso zimene anzako akukunong'oneza kumeneko, poti anyamata a ku Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje nyimbo yawo ndi imodzi. Akuti iwe ndiwe mkamwini, ukumanga pamalo a eni, tsiku lokuthamangitsa udzachoka ndi bulangete lokha, bola mphete. Nzeru za pa shabini. Kodi tsiku limenelo mpheteyo idzakhala pachala cha ndani? Udzaivula ndi pulayala? Nyumba ikatsala, atsala nayo ndi ana ako, adzagona pouma n'kumati iyi adamanga ndi bambo athu. Komanso mkamwini amene wafika n'kufolera nyumba ndi malata, apongozi amamupatsa mpando, samuthamangitsa ndi nkhani ya ndiwo. Ngati mtima ukukayikabe, ukadzapeza zina udzagule kapuloti pa Namadzi kapena pa Njuli m'dzina la nonse awiri. Koma munthu amene akuwerengera za tsiku lothamangitsidwa chinkhoswe chisadachitike, ameneyo vuto lake si mphete.

Ndiye tamvera. Pa R30,000 yakoyo, mphete isapitirire R2,000, ukalimbikira R3,000, ndalama yoti itatayika kudambo mudzadandaula sabata imodzi n'kuiwala. Pa ndalama imeneyo upeza ya siliva yabwino, kapena kagolide kopepuka, yokhala ndi moissanite, yemwe kuuma kwake n'kwachiwiri kwa dayamondi. Usankhe yoti kamwala kadalowa m'kati mwa chitsulo, osati kongoimikidwa pamwamba pa timano, kuti izipirira ntchito za pakhomo. Ndipo umuuze zoona kuti mwalawo ndi wanji. Ukanama kuti ndi dayamondi, tsiku lina adzapita nayo kwa wodziwa, ndipo kuyambira pamenepo chilichonse chimene udzanene adzayamba wachiyeza. Kukula kwa chala usaganizire. Mchemwali wake amuyeze ndi ulusi, kapena mufunse mwini wake. Zodzidzimutsana zija n'za m'mafilimu, mapeto ake mphete imakakamira pa fupa anthu akujambula.

Ngati mtima wako ukufuna mwala weniweni wa m'nthaka, bwanji wa kwanu? Pa phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu pamatuluka rube ndi safaya, miyala imene ogula a kunja amailimbirana, yolimba moti pa sikelo ya kuuma dayamondi ali pa 10, iyo ili pa 9. Ku Mzimba kuli akwamarini wa mtundu wa madzi a m'nyanja. Ife timagulitsa miyala yathu yosasema pa mtengo wa bonya, ena akaisema n'kuiika m'kabokosi timayamba kuisirira. Koma usagule kwa munthu wokuitanira kuseri kwa sitolo atakulunga mwala m'pepala la fodya. Pita kwa osema ndi ogulitsa a chilolezo ku Blantyre kapena ku Lilongwe, mupite awiri, asankhe yekha.

Zotsalazo zipite kudenga, ndipo zipite msanga. Usasinthe marandi onse n'kusunga makwacha m'pilo. Udaona mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, mitengo ya simenti ndi malata n'kudumpha sabata yomweyo. Tumiza ndalama kwa munthu mmodzi wokhulupirika, osati komiti ya abale, akagule ku Limbe, akutumizire chithunzi cha lisiti ndi cha katundu ali pangolo. Mmisiri akhome denga mvula yoyamba isadagwe. Kakatsala kena, anzako m'boma lomwelo akuweta ng'ombe za mkaka n'kumagulitsa kumabungwe a alimi m'mawa uliwonse, ena ayamba ndi mbuzi ziwiri. Chimenecho ndiye chuma chosatsika mtengo chimene wogulitsa uja amanena, chifukwa chimaswa.

Dayamondi sadzatha m'sitolo. Mulungu akadzakudalitsa, ana ali pasukulu, nkhokwe yadzaza, iwe uli ndi kampani yako yopenta, udzamugulire mayi wa ana ako pa chaka cha khumi cha ukwati, pamene wadziwa kuti wapirira nawe zingati. Nthawi imeneyo udzafunse satifiketi ya mwalawo yochokera ku bungwe loyeza miyala ngati GIA, yonena kulemera, mtundu, kuyera ndi kasemedwe kake, ndipo udzagule ukudziwa kuti ndalamayo yapita, monga imapitira ya suti. Ine sindidzakuletsa, ndidzabwera kudzaiyesa pachala changa.

Nawe mpongozi wanga, poti ndikudziwa kuti tsamba lino likufika, wina akujambulira pafoni. Mwana wa achimwene angayu ndi wamanyazi ndiponso wamva zake zokha, koma zaka ziwiri wasunga ndalama m'dziko limene anzake amathera m'mabala. Ukafuna kanthu, nena ndi pakamwa. Mawu okuluwika amuna sawamva, taona pano adatsala pang'ono kugulitsa denga lako. Ngati chimene ukufuna n'chakuti agwade anthu akuona, muuze, adzagwada pabwalo la amayi ako, mawondo ake si agalasi, ndipo ana a sukulu adzajambula kanema woposa wa ku Joni uja.

Wosowa Tulo, yankho ndi lakuti ayi, usagule. Imba foni lero, tumiza za malata sabata ino, ugone. Kalata yondiitana ku chinkhoswe ifike Novembala asadathe, ndipo uwauze a kuchikazi kuti azakhali ako sadya chiphwanya cha nkhuku, amadya ntchafu.

Ndine,
Azakhali ako